Mabotolo a Goloboyi

Tsache litagunda nsapato ya mpira pansi pa bedi, kabotolo kanagubuduka n'kudzaima paphazi pa Dokotala. Anakatola. Kanali ka mankhwala a chifuwa, kopanda kanthu. Anagwada n'kukoka nsapato inzake, ndipo m'menemo munatuluka tina, kamodzi kali ndi totsalira tofiirira pansi pake.

Mtsikanayu sanali dokotala weniweni. Ankaphunzira za mankhwala kuyunivesite, koma chilowereni kumeneko onse pakhomopo ankamuitana choncho, ndi bambo ake omwe. Sanafunike kuwerenga kawiri zolembedwa pabotolopo. Ankadziwa chimene chimakhala m'katimo, ankadziwanso kuti m'nyumbamo munalibe wotsokomola.

"Goloboyi!"

Mlongo wake wamng'ono analowa akukhwekhwereza mapazi. Anali mnyamata wa kusekondale, wamtali, wa manja akuluakulu, amene dzinali linamukakamira chifukwa chogwira pagolo mu timu ya sukulu. Maso ake anali ofiira ngati wangodzuka, chonsecho dzuwa linali pamutu.

"Ichi n'chiyani?"

"Si mukuona nokha, achemwali? Adokotala ndinu, mukufunsanso ine?"

"Ukudwala chifuwa?"

Mnyamatayo anatsokomola, chifuwa chochita kupanga.

"Bwerezanso ndimve bwino," anatero Dokotala.

Sanabwereze. Anakhala pabedi n'kuzyolika. Apa m'pamene Dokotala analumikiza zonse zimene anaona chibwerereni kutchuthi: kugona masana, kuyankha mochedwa ngati mawu akuchokera m'chitsime, mpira utaphwa pakona, ndi kukana kudzuka pa swala, pemphero la m'mawa.

"Musawauze ababa," ananong'ona mnyamatayo.

Koma makina osokera pakhonde anali atasiya kale kulira. Mayi awo anali ataima pakhomo, tepi ili m'khosi, dzanja lili pakamwa.

Bambo awo anali wowotcherera zitsulo, ndipo shedi yawo inali kuseri kwa nyumba. Atabwera kudzadya masana n'kuona timabotolo tili patebulo, chakudyacho sanachikhudze. Anavula lamba.

"M'nyumba mwanga muno? Zaharamu m'nyumba mwanga?"

"Tsitsani mawu, bambo a Dokotala, anthu amva," anadandaula mayiwo atawagwira mkono.

"Amve! Ine ndimaima mzere woyamba kumzikiti, mawindo onse a kumeneko ndinawotcherera ndine, lero ndizilozedwa chala chifukwa cha chitsiru ichi? Atenge zake atuluke!"

Goloboyi anali atakanirira kukhoma, osalira, osapepesa. Dokotala anaima pakati pawo.

"Ababa, ndimvereni kaye. Kusukulu atiuza kuti teremu ikubwerayi aliyense asankhe yekha, kuphunzira m'kalasi kapena pa intaneti ali kwawo. Ine ndisankha pa intaneti. Ndikhala konkuno, ndizimuyang'anira ndekha."

Mayi awo anapumira m'mwamba ngati atula mtolo. Bambowo anamuyang'ana mwana wawo wamkaziyo kwa kanthawi.

"Nanga zija umatisokosera nazo za kulabu yoyezera mankhwala?"

"Tizipitako mwa apo ndi apo. Zitheka."

Lamba anabwerera m'chiuno, ndipo bambowo anatuluka. Posakhalitsa kushedi kunamveka nyundo ikumenya chitsulo mopitirira muyeso.

Madzulo ake Dokotala anaimbira mnzake wogona naye chipinda chimodzi kusukulu, amene onse ankamuti Wailesi.

"Ine ndiye ndasankha kale pa intaneti, mwali," anatero Wailesi. "Ndiziphunzira ndili m'bulangete, osasamba, osathamangira mpando. Aphunzitsi akanditopetsa ndizingowatsitsa voliyumu. Koma iwe? Iwe amene umafika m'kalasi osesa asanamalize? Amene umafunsa mafunso mpaka aphunzitsi kuyang'ana wotchi? Wadwala?"

"Pali zina kunyumba kuno."

"Akupezera mwamuna?"

"Choka iwe!"

Anaseka onse, koma atadula foni Dokotala anayamba kuganiza za kusukulu. Ankaikonda labu, fungo lake, kasikelo kamene kamamva ngakhale mpweya wa munthu, ndi kukangana ndi anzake pakhonde akatuluka m'kalasi.

Masiku otsatira anasanduka mlonda. Goloboyi akati akagule sopo, iye pambuyo. Akalowa m'bafa n'kuchedwa, iye kugogoda. Anayesa kuonera maphunziro ojambulidwa pa laputopu kuti azolowere, koma diso limodzi linkakhala pachitseko, ndipo phunziro likatha sankadziwa n'komwe kuti linali la chiyani.

"Mukufuna mundimangirire chingwe m'khosi?" anakalipa mnyamatayo tsiku lina.

"Chikanakhalapo ndikanamanga."

"Ndiye kapempheni tcheni kwa ababa, ali nawo ambiri."

Mayi awo anasiya kucheza ndi anthu obweretsa nsalu. Munthu akafunsa za mnyamatayo, ankangoti akudwala mutu.

M'mawa wina kunafika shehe wa mzikiti wawo atakwera njinga. Anali wachinyamata ndithu, wovala mandala, wokonda kuseka. Anapereka salamu pakhonde n'kulunjika kushedi. Dokotala, amene ankapititsa tiyi kwa bambo ake, anamva zonse.

"Ndabwera ndi ntchito, bambo," anatero shehe. "Kuseri kwa mzikiti kuli bwalo lija langomera udzu. Ndikufuna magolo achitsulo. Ndamvanso kuti goloboyi wodziwa m'dera lonse lino amagona m'nyumba mwanu."

"Amagonadi," anayankha bambowo osadzutsa mutu. "Kugona ndiye ntchito yake."

Shehe anakhala pa chitini cha penti n'kuvula mandala.

"Ndisazungulire. Ndikudziwa za mankhwala a chifuwa aja. Musadzidzimuke, palibe wandiuza za mwana wanu, ndinamuona ndekha kuseri kwa shopu yometera. Si wanu yekha. Makolo angapo abwera kwa ine monong'ona, aliyense akuganiza kuti tsokali lagwera iye yekha."

Bambowo anaika pansi chitsulo chimene anagwira.

"Shehe, inu nomwe mumatiphunzitsa kuti zoledzeretsa ndi haramu. Ine ndimati ndimuthamangitse."

"Ndi haramu ndithu, ndipo sindisintha mawu. Chilichonse chophimba nzeru za munthu n'choletsedwa, kaya chachokera kumowa kaya kufamasi. Thupi ndi nzeru tinachita kusungitsidwa ndi Allah, tidzafunsidwa. Koma mwanayo si haramu, bambo. Nayenso munachita kusungitsidwa. Mukamuthamangitsa akagona kuti? Si kwa omwe amamugulitsa aja?"



"Ana awa amatayika masana," anapitiriza shehe, "akaweruka kusukulu, inu muli pantchito, mayi ali pamakina. Ndikufuna azibwera kumzikiti nthawi imeneyo. Tiswali swala ya madzulo, tikambirane pang'ono, kenako mpira mpaka dzuwa kulowa. Ndapemphanso mlangizi wa kuchipatala kuti azibwera, chifukwa ine ndine shehe chabe, za m'magazi sindizidziwa. Mundibwereke mwanayo. Ndipo magolowo apange nanu iyeyo."

Magolo anapangidwadi. Goloboyi ankagwira mapaipi, bambo ake akuwotcherera. Sankalankhulana kupatula "gwira bwino" ndi "tseka maso", koma Dokotala anaona bambo ake akuvula magalasi awo akuda n'kumuveka mnyamatayo, iwo n'kutenga akale osweka mbali imodzi.

Mpira utayamba, Dokotala ankamuperekeza mlongo wake n'kukhala pabenchi pansi pa mtengo, laputopu ili pamiyendo. Anyamata ankabwera ochepa, ena mokakamizidwa, ena chifukwa cha mpirawo basi. Goloboyi anali atafooka. Mipira imene kale ankaigwira akuseka inkamudutsa m'miyendo, ndipo anzake ankamukuwiza.

Tsiku lina shehe anafika pabenchipo atakweza foni m'mwamba ngati akuopseza nayo mbalame.

"Netiweki yathawanso! Aphunzitsi anga auma pagalasi kukamwa kuli yasa."

"Kodi nanunso mumaphunzira, shehe?"

"Digiri ya uphunzitsi, pa intaneti. Ine yandithandiza kwabasi. Ndili ndi mkazi, ana, mzikiti uwu, ndingapite kuti? Ikanapanda njira imeneyi bwenzi sukulu nditaiwala. Kungoti nthawi zina ndimasinza aphunzitsi ali m'kati molankhula, ndipo palibe wondigwedeza." Anaseka. "Inu mwasankha ziti? Ndamva kuti akusankhitsani."

"Ndiphunzira ndili kunyumba."

"Mtima wanu ukufuna zimenezo?"

Dokotala anatseka laputopu.

"Zathuzi n'zovuta kuziphunzira pagalasi pokha. Mankhwala amafuna uwagwire, uwayeze, ulakwitse wina akuone n'kukukonza. Komanso ine mutu wanga umagwira ndikamafunsa, ndikamakangana ndi anzanga. Ndikakhala ndekha ndimangoyang'ana."

"Ndiye mukutsaliranji?"

"Nanga mlongo wangayu?"

"Mlongo wanu ali ndi bambo, ali ndi mayi, ali ndi ife. Sindikusankhirani ayi, mwina kukhala kuno n'kumene kuli koyenera. Koma kufunafuna maphunziro nakonso n'kupembedza, musakuyese kudzikonda. Ndipo mudzifunse ngati munthu mmodzi angalondere mnzake usana ndi usiku, moyo wonse."

Anadzutsanso foni ija n'kumapita akuisakira netiweki.

Yankho la funsolo silinachedwe. Masana ena Dokotala anali pabenchi pomwepo, atamira m'phunziro limene kwa nthawi yoyamba linayamba kumveka. Atadzutsa mutu, pagolo panali mnyamata wina. Anyamatawo anati Goloboyi anapita kukamwa madzi pampopi, ndipo panali patapita nthawi.

Dokotala anathamanga mpango ukuuluka. Anamupeza kuseri kwa shopu yometera, pakati pa makatoni, atatsamira khoma, mutu uli pachifuwa. Anyamata amene anali naye anathawa atangomuona. Dokotala anamugwedeza, kumuitana, kumumenya mbama pang'ono, koma mnyamatayo ankangong'ung'udza. Ankapuma pang'onopang'ono, mochititsa mantha. Anamugoneka chammbali monga anaphunzirira, n'kuimbira bambo ake.

Bambowo anafika ndi ovololo yawo yakuda ndi mwaye. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, wometa tsitsi ali ndi lumo m'manja, amayi ogulitsa zipatso akuloza. Dokotala anayang'ana lamba m'chiuno mwa bambo ake.

Bambowo anagwada. Anapukuta malovu pachibwano cha mwanayo ndi dzanja lawo.

"Ndithandize kumubereka," anatero.

Anamubereka kumsana, mnyamata wamtali kuposa iwo, miyendo ikukhwekhwerezeka pansi, n'kudutsa naye mumsewu waukulu anthu onse akuona, mpaka pamene anapeza galimoto yopita kuchipatala. Panjira wina anafunsa kuti kwagwanji.

"Mwana wanga wadwala," anayankha, osatsitsa mawu.

Goloboyi anagonekedwa, ndipo madokotala anati anafika naye nthawi yabwino. Atatuluka anavutika masiku angapo, kusanza, thukuta, thupi kuphwanya, kukalipira aliyense. Shehe ankabwera kudzakhala naye pafupi, nthawi zina akumuwerengera mapemphero chapansipansi, nthawi zina akungokamba za mpira.

Lachisanu lotsatira, Dokotala ndi mayi ake anali mbali ya amayi kumzikiti, kuseri kwa katani. Swala itatha, m'chimkuzamawu munamveka kukhosomola kumene onse awiri anakuzindikira.

"Abale anga," anatero mawu a bambo awo, "ine si wolankhula pagulu. Mwana wanga wakhala akumwa mankhwala a chifuwa kuti aledzere. Ndinatsala pang'ono kumutaya. Ndinkabisa chifukwa cha manyazi. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene akubisanso. Tiyeni tisiye kubisa, tithandizane."

Mayi awo anadziphimba kumaso ndi mpango. Dokotala anamva mapewa awo akugwedezeka. Kenako mayi wina amene anakhala pafupi, wogulitsa nsalu kumsika, wodziwika ndi kunyada, anasendera n'kuwagwira dzanja.

"Musalire nokha, asisi," ananong'ona. "Wanganso ali momwemo."

Tsiku lomwelo abambo anagwirizana zoti azisinthana kukhala pabwalo masana. Ena anapita kukalankhula ndi mwini kasitolo kamene kankagulitsa mankhwalawo kwa ana popanda chilolezo cha dokotala, n'kumuuza kuti akapitiriza akamunenera kwa oyang'anira. Anyamata pabwalo anachuluka, ndipo mlangizi wa kuchipatala anayamba kusowa mipando.

Tchuthi chinali kutha. Madzulo ena Dokotala anakhala pasitepe ya khonde, foni ili m'manja, tsamba losankhira lili lotsegula. Goloboyi anabwera n'kukhala pambali pake. Anali ataonda, koma maso anali oyera.

"Simunasankhebe?"

"Ndinasankha kale. Ndikhala."

"Ayi, achemwali. Pitani."

"Kuti ukagwerenso m'makatoni?"

"Tsiku lija munalipo, si ndinagwabe?" Anatola kamwala n'kumakaponya m'mwamba. "Mukudziwa chimene chinandiyambitsa? Anandichotsa mu timu ya sukulu chifukwa ndinalakwa mayeso. Ndikafika kuno, nkhani n'ja Dokotala, Dokotala wakhoza, Dokotala watumiza chithunzi ali kulabu. Ine wopanda mpira ndinali ndani? Ndikamwa zija ndimaiwala. Tsono mukasiya zimene mumakonda chifukwa cha ine, ndidzakhala uja anawononga Dokotala. Zimenezo sindingazisenze."



"Sindikulonjeza kuti sindidzalakalakanso," anapitiriza mnyamatayo. "Mlangizi akuti zimatenga nthawi. Koma tsopano chikandigwira ndikudziwa kothawira. Shehe anati ndizipita ngakhale nditamwa kale, sandibweza pakhomo. Ababa akuti ndikaweruka ndizidzera kushedi, tizipitira limodzi kumzikiti."

"Ababa anena zimenezo?"

"Mwa njira yawo. Anati, 'Uzibwera kuno udzagwire mapaipi, ulesi ungakuphe.'"

Dokotala anaseka misozi ili m'maso.

"Komanso," anatero Goloboyi, "ndatopa n'kugogoderedwa kubafa."

Dokotala anamukankha paphewa. Kenako anayang'ana pafoni paja, n'kudina posonyeza kuti adzaphunzira m'kalasi. Mayi awo ankamvetsera ali pamakina. M'mawa mwake anayamba kusokera Dokotala diresi yatsopano.

Teremu ili pakati, Dokotala ankatuluka m'labu masana ena foni itayamba kulira m'thumba la gauni yake yoyera. Inali ya vidiyo, yochokera kwa bambo ake. Pagalasi panaoneka chipumi chokha ndi denga la shedi.

"Ababa, tsitsani foniyo, ndikuona malata okhaokha."

"Zinthu zanuzi n'zovuta. Lankhula ndi mayi ako."

Mayi ake anamuuza za makasitomala, za mvula, kenako anatsitsa mawu. Sabata yathayo mnyamatayo anali ndi tsiku loipa. Anakumana ndi anzake akale aja, anafika mpaka pogwira botolo. Sanabwere kunyumba, anapita yekha kwa shehe n'kukaliika patebulo losatsegula, ndipo anakhala komweko mpaka bambo ake atakamutenga.

"Ababa anatani?"

"Anamugulira magolovesi atsopano. Akuti akale aja ankawachititsa manyazi."

Foni inagwedezeka, kenako nkhope ya Goloboyi inadzaza galasi lonse.

"Achemwali, shehe akuti Loweruka mulankhule ndi anyamata pa vidiyo, muwafotokozere zimene mankhwala aja amachita m'thupi. Akuti aika laputopu pampando. Ine ndawachenjeza kuti mukayamba simumaliza."

"Iwe ukakhale kutsogolo, funso loyamba ndi lako."

"Ndiye ndikutsitsani voliyumu."

"Yesa uone!"

Kumbuyo kwake kunamveka mawu a bambo awo akumufulumizitsa kuti achedwa. Mnyamatayo anatsanzika mothamanga, foni n'kuduka.

Dokotala anaima pakhondepo kwa kanthawi, anzake akumudutsa ndi mabuku. Mmodzi anamuitana kuti apite akadye. Anamuuza kuti atsogole, iye n'kubwerera m'labu kukafunsa aphunzitsi ake momwe angafotokozere ana a kusekondale za mankhwala amenewa m'mawu osavuta.